Jonathan Jasper Wright, Woweruza Milandu

Kwa Kabudula, m'boma la Lilongwe, monganso m'madera ena ambiri m'Malaŵi, anthu akayambana chifukwa cha malire a munda kapena mbuzi zimene zadya chimanga cha eni, amapita nayo nkhaniyo ku bwalo. Kumeneko anthu amakhala pansi pa mtengo wa mthunzi, amuna mbali yao, akazi mbali yao. Wodandaula amayamba kufotokoza, wodandaulidwa nkuyankha, kenaka mboni zimapereka umboni wao. Amfumu ndi nduna zao amamvetsera modekha kufikira onse atatha kulankhula. Pamenepo mpamene amagamula mlandu.

Milandu ina ikuluikulu imapita ku mabwalo a boma. Munthu akapanda kukhutira ndi chigamulo cha bwalo laling'ono, angathe kuchita apilo ku Bwalo Lalikulu, ndipo pamwamba pa mabwalo onse pali Bwalo Lalikulu la Apilo. Anthu ogamula milandu kumeneko amatchedwa oweruza kapena majaji. Iwoŵa amayenera kudziŵa bwino malamulo, kusakondera ndiponso kusaopa munthu.

Nkhani ino ndi ya woweruza wina wa dziko lakutali, amene adakhala ndi moyo zaka zambiri zapitazo. Iyeyu adabadwira m'dziko limene munthu wakhungu lakuda sankaŵerengeredwa pa bwalo la milandu. Komabe patapita zaka, adakhala pa mpando wogamula milandu ya anthu akuda ndi azungu omwe.

Ubwana wake

Jonathan Jasper Wright adabadwa pa 11 Febuluwale, 1840, m'chigawo cha Pennsylvania m'dziko la United States of America. Dziko limeneli ndi lalikulu kwambiri, ndipo lidagaŵidwa m'zigawo zambiri. Chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi bwalo lake lalikulu la milandu.

Makolo a Jonathan adali anthu akuda, zidzukulu za anthu amene adagwidwa kuno ku Africa nkukagulitsidwa kutsidya kwa nyanja yamchere. Masiku amenewo ukapolo udali usanathe m'zigawo za kummwera kwa America. Kumeneko akapolo ankalima thonje, mpunga ndi fodya popanda malipiro, ndipo mbuye wao ankatha kugulitsa mwana kwina, mai wake kwina. Koma Pennsylvania ili chakumpoto, kumene ukapolo udali utayamba kale kuthetsedwa. Motero Jonathan adabadwa mfulu.

Zaka zomwezo ukapolo udali utavutanso kuno kwathu. David Livingstone atafika ku Nyanja ya Malaŵi mu 1859, adapeza malonda a akapolo ali mkati. Ku Nkhotakota anthu ambiri ankaolotsedwa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kumene ankakagulitsidwa.

Jonathan ali wamng'ono, makolo ake adasamukira ku boma la Susquehanna, m'chigawo chomwecho cha Pennsylvania. Banjali lidali la alimi, ndipo silidali lolemera. Dera limenelo limazizira koopsa m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, kotero kuti chipale chimakwirira minda yonse. Pa nyengo imeneyo ntchito ya kumunda imaima. Imeneyo ndiyo nthaŵi imene Jonathan ankapita kusukulu. Miyezi ina yonse ankagwira ganyu m'minda ya alimi oyandikana nao.

Ndalama zochepa zimene ankalandirazo sankazimwaza. Ankasunga pang'onopang'ono mpaka zidakwana zoti nkukaphunzirira ku sukulu ina yapamwamba ya mu mzinda wa Ithaca, m'chigawo cha New York. Atatsiriza maphunziro ake kumeneko, adabwerera kwao nayamba ntchito ya uphunzitsi.

Khomo lotseka

Ngakhale ankaphunzitsa ana, mtima wa Wright udali pa za malamulo. Masiku amenewo anthu ambiri ofuna kukhala maloya sankapita ku yunivesite ai. Ankapempha malo mu ofesi ya loya wodziŵa kale ntchito. M'menemo ankaŵerenga mabuku a malamulo, kukopera makalata pamanja ndi kuonerera m'mene milandu ikuyendera. Akaona kuti akhwima, ankapita kukayesedwa mayeso ndi kagulu ka maloya akuluakulu. Wopambana mayesowo ndiye ankaloledwa kuimira anthu pa bwalo.

Wright adatsata njira yomweyo. Adayamba kuŵerenga malamulo mu ofesi ya maloya ena m'tauni ya Montrose, uku akuphunzitsa sukulu kuti apeze chakudya ndi zovala. Pambuyo pake adakapitiriza kuŵerenga mu ofesi ya woweruza wina m'tauni ya Wilkes-Barre.

Koma nyengoyo idali yoipa kwa munthu wakuda. Mu 1857, Wright ali ndi zaka 17, bwalo lalikulu koposa la dziko lonselo lidagamula mlandu wa kapolo wina dzina lake Dred Scott, amene ankapempha ufulu wake. Oweruza ambiri a bwalolo adagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya dzikolo. M'dziko lotere, mnyamata wakuda wofuna uloya ankaoneka ngati wolota dzuŵa likuswa mtengo.

Wright ataona kuti wakonzeka, adakapempha kuti amuyese mayeso. Akuluakulu oyesa aja adakana. Sadanene kuti walephera, poti sadamufunse ndi funso limodzi lomwe. Chimene chidamutsekera khomo lidali khungu lake basi. Zaka zonse zimene adathera pa mabuku zidaoneka ngati zapita pachabe. Komabe iye sadataye mtima. Paja akuluakulu adati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Mphunzitsi ku Beaufort

Pa nthaŵi imeneyi m'dzikomo mudali nkhondo yapachiŵeniŵeni. Zigawo za kummwera zidafuna kudzipatula kuti zipitirize ukapolo, pamene zigawo za kumpoto, motsogozedwa ndi Pulezidenti Abraham Lincoln, zidakana kuti dziko ligaŵike. Chigawo choyamba kudzipatula chidali South Carolina, mu Disembala 1860, ndipo mfuti zoyamba zidalira pa doko la Charleston m'chigawo chomwecho mu Epulo 1861. Nkhondoyo idatha mu 1865, a kumpoto atapambana. Chaka chomwecho ukapolo udathetsedwa m'dziko lonse, ndipo anthu pafupifupi 4 miliyoni adakhala mfulu.

Ufulu udabwera, koma anthu omasulidwawo adalibe minda, ndalama ngakhale maphunziro. Ku South Carolina, kumene anthu akuda adali ochuluka kuposa azungu, lamulo lakale linkaletsa kuphunzitsa kapolo kuŵerenga ndi kulemba. Choncho kudafunika aphunzitsi ambiri.

Mu Epulo 1865, bungwe lina la mishoni lotchedwa American Missionary Association lidatuma Wright ku tauni ya Beaufort, m'mbali mwa nyanja yamchere ku South Carolina. Kumeneko adaphunzitsa anthu akuluakulu amene adali asanagwirepo buku chibadwire, pamodzi ndi asilikali akuda amene adamenya nao nkhondo ija. Anthuwo atadziŵa kuti mphunzitsi waoyo adaŵerengapo malamulo, adayamba kumtulira madandaulo ao.

Madandaulowo adali ambiri. Eni minda ikuluikulu ankalembetsa anthu omasulidwawo mapangano a ntchito. Munthu wosadziŵa kuŵerenga ankangoika chizindikiro pa pepala, osadziŵa zimene zalembedwamo. Pokolola, ena ankauzidwa kuti malipiro ao onse athera ku ngongole. Mabanja ena amene adapatsidwa minda pa nthaŵi ya nkhondo adauzidwa kuti aibweze kwa ambuye ao akale. Moyo wotere unkafanako ndi thangata amene adazunza anthu m'minda ya azungu kuno ku Malaŵi m'zaka za atsamunda. Wright adaona ndi maso ake kuti munthu wosadziŵa malamulo angathe kuberedwa masanasana, ngakhale atchedwe mfulu.

Khomo litseguka

Mu 1866 nyumba ya malamulo ya dziko lonse idakhazikitsa lamulo lakuti anthu obadwira m'dzikomo, akuda ndi oyera omwe, ndi nzika zofanana pamaso pa malamulo. Wright atamva zimenezi, adanyamuka ulendo wautali kubwerera ku Montrose. Adakapemphanso mayeso aja, ndipo tsopano padalibe chifukwa chomukanira. Adamuyesa, iye napambana. Mu Ogasiti 1866 adaloledwa kugwira ntchito ya uloya, nakhala munthu wakuda woyamba kulandira chilolezo chimenechi m'chigawo cha Pennsylvania.

Akadafuna akadakhazikika kwao. Koma iye adakumbukira anthu aja adaŵasiya ku Beaufort. Adabwerera komweko, kumene boma lidamulemba ntchito mu nthambi yosamalira anthu omasulidwa, yotchedwa Freedmen's Bureau. Ntchito yake idali yolangiza anthuwo pa za malamulo. Ankaŵaŵerengera mapangano asanaikepo chizindikiro, kuŵafotokozera zimene lamulo likunena, ndi kuŵathandiza pamene nkhani yafika ku bwalo. Motero dzina lake lidadziŵika m'dera lonse la Beaufort.

Kulemba malamulo atsopano

Nkhondo itatha, chigawo cha South Carolina chidayenera kulemba malamulo aakulu atsopano oyendetsera boma lake. Kumayambiriro kwa chaka cha 1868, nthumwi 124 zidasonkhana mu mzinda wa Charleston kuti zigwire ntchitoyi. Oposa theka la nthumwizo adali anthu akuda, ndipo ambiri a iwo adali akapolo zaka zoŵerengeka m'mbuyomo. Anthu a ku Beaufort adasankha Wright kuti akhale mmodzi mwa nthumwi zao.

Ku msonkhanowo Wright adasankhidwa kukhala mmodzi mwa othandiza wapampando. Adathandiza kulemba gawo la malamulo lonena za mabwalo a milandu. Monga mphunzitsi, adalimbikiranso kuti boma litsegule sukulu. Malamulo atsopanowo adalamula kuti pakhale sukulu za boma zolandira ana onse, ndiponso kuti mwamuna aliyense wamkulu aziponya voti posayang'ana khungu kapena chuma chake. Akazi adali asanaloledwebe kuponya voti masiku amenewo.

Chaka chomwecho Wright adasankhidwa kukhala phungu woimira Beaufort m'nyumba ya malamulo ya chigawocho, mu mzinda wa Columbia. Aphungu anzake adamuona kuti ndi munthu wodekha, wolankhula zomveka ndiponso wodziŵa malamulo.

Pa mpando wa chiweruzo

Bwalo lalikulu la South Carolina lidali ndi oweruza atatu, ndipo ankasankhidwa ndi aphungu. Mmodzi mwa atatuwo atasiya ntchito, padafunika wina woloŵa m'malo mwake. Pa 1 Febuluwale, 1870, aphungu adasankha Wright. Kudali kutatsala masiku khumi kuti akwanitse zaka 30. Iye adakhala munthu wakuda woyamba m'dziko lonse la United States of America kukhala woweruza pa bwalo lalikulu la chigawo. Padali patangopita zaka 13 chigamulire mlandu wa Dred Scott uja. Kumapeto kwa chaka chomwecho aphungu adamusankhanso kuti apitirize udindowo.

Ntchito ya bwalo lotere imasiyana ndi ya bwalo la kumudzi. Milandu imene imafika kumeneko imakhala itazengedwa kale ku mabwalo aang'ono. Oweruza amaŵerenga zonse zimene zidalembedwa pa mlanduwo, namvetsera maloya a mbali zonse ziŵiri. Kenaka amakambirana paokha kuti aone ngati bwalo laling'ono lidatsata malamulo. Akagwirizana, mmodzi amalemba chigamulo ndi kufotokoza zifukwa zake. Zolembazo zimasindikizidwa m'mabuku, ndipo mabwalo ena amazitsata pogamula milandu yofanana nayo. Nchifukwa chake woweruza amayenera kusamala liwu lililonse limene akulemba.

Wright adakhala pa mpandowo zaka zoposa zisanu ndi ziŵiri, pamodzi ndi azungu aŵiri: Franklin Moses, amene adali mkulu wa oweruza, ndi Amiel Willard. Pa zaka zimenezo bwaloli lidamva milandu 425, ndipo Wright adalemba zigamulo 87. Kudafika milandu ya ngongole, ya malo, ya chuma cha masiye ndi ina yotero. Maloya ambiri amene ankaimirira pamaso pake adali azungu, ndipo ena a iwo adakulira m'mabanja okhala ndi akapolo. Padali anthu ambiri amene sankakondwa kuona munthu wakuda atakhala pa mpando wotere, ndipo ankangodikira tsiku loti apunthwe.

Mlandu wa Tilda Norris

Mayeso aakulu pa moyo wa Wright adafika pambuyo pa chisankho cha bwanamkubwa cha mu Novembala 1876. Opikisana adali aŵiri. Wina adali Daniel Chamberlain, wa chipani cha Republican, chimene anthu akuda ambiri ankachitsata. Winayo adali Wade Hampton, wa chipani cha Democratic, amene adali mkulu wa asilikali a kummwera pa nkhondo ija. Chisankhocho chidali cha ziwawa. Magulu a azungu okwera pa akavalo, ovala malaya ofiira, ankaopseza anthu akuda kuti asakaponye voti, ndipo ena adaphedwa. Mavoti ataŵerengedwa, aliyense mwa aŵiriwo adati wapambana ndi iye. Motero chigawo chimodzi chidakhala ndi abwanamkubwa aŵiri, monga mudzi umene anthu aŵiri akulimbirana ufumu.

M'ndende yaikulu ya chigawocho mudali mai wina wakuda dzina lake Tilda Norris. Hampton adalemba kalata yomukhululukira, poti bwanamkubwa ali ndi mphamvu yokhululukira akaidi. Koma mkulu woyang'anira ndende adakana kumtulutsa, popeza sankavomereza kuti Hampton ndi bwanamkubwa. Nkhaniyo idapita ku bwalo lalikulu.

Pongoona, mlanduwo udali waung'ono, wa mkaidi mmodzi. Koma m'kati mwake mudali funso lalikulu. Bwalo likadalamula kuti maiyo atuluke, ndiye kuti lavomereza Hampton. Likadakana, ndiye kuti lavomereza Chamberlain. Pa nthaŵi yomweyo mkulu wa oweruza, Moses, adadwala kwambiri, ndipo sadachirenso. Padatsala oweruza aŵiri okha. Willard adaona kuti chikhululukirocho nchovomerezeka. Tsono maso a chigawo chonse adali pa Wright.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anthu a mbali zonse ziŵiri adamupanikiza usana ndi usiku. Anzake a chipani cha Republican ankaopa kuti Hampton akaloŵa, ufulu wa anthu akuda udzatha. A mbali inayo adali ndi mfuti ndiponso mphamvu zochuluka. Kumapeto kwa Febuluwale 1877, Wright adasaina chikalata cholamula kuti Tilda Norris atulutsidwe. Patangopita masiku oŵerengeka adasintha maganizo. Adalemba kuti akuchotsa dzina lake pa chikalatacho, nafotokoza kuti chikhululukiro cha Hampton chidalibe mphamvu. Koma Willard adaona kuti chosainidwa chasainidwa. Adalengeza chigamulo choyamba chija, ndipo maiyo adatuluka m'ndende.

Mapanga aŵiri avumbwitsa. Wright adatsala pakati, wopanda womkhulupirira. Anzake adamuda chifukwa chosaina, ndipo adani ake adamuda chifukwa chobweza. Apa mpamene pakuoneka kuti nzeru ndi maphunzro pazokha sizikwanira pa bwalo la milandu. Woweruza amafunikanso kutetezedwa kwa anthu oopseza, kuti agamule mlandu poyang'ana lamulo lokha.

Kuchoka pa udindo

Mu Epulo 1877, Pulezidenti Rutherford Hayes adachotsa asilikali a boma lalikulu amene ankalondera nyumba ya malamulo ku Columbia. Chamberlain adaona kuti palibenso womtchinjiriza, ndipo adasiyira Hampton mpando. Aphungu a chipani cholamula chatsopanocho sadafune kuti pa bwalo lalikulu pakhalebe munthu wakuda. Adamuneneza Wright kuti ndi chidakwa, nayamba kukonza zomuchotsa pa udindo. Mlandu umenewo sudazengedwe, choncho palibe bwalo limene lidamupeza wolakwa. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amaona kuti chidali chiŵembu cha ndale. Wright ataona kuti mphepo yatembenuka, adalemba kalata yosiya ntchito, ndipo adachoka pa mpandowo pa 1 Disembala, 1877.

Atachoka ku Columbia adakakhala ku Charleston, kumene adatsegula ofesi yake ya uloya. Adabwereranso ku ntchito yake yoyamba ya uphunzitsi. Mogwirizana ndi koleji ya anthu akuda yotchedwa Claflin, adayamba kuphunzitsa malamulo kwa anyamata akuda. Sadafune kuti iwo avutike kupeza mphunzitsi monga adavutikira iye. Ena mwa ophunzira akewo adakhala maloya.

M'zaka zake zotsiriza adadwala chifuwa chachikulu, nthenda imene masiku amenewo idalibe mankhwala. Adamwalira ku Charleston mu Febuluwale 1885, ali ndi zaka 45.

Zimene zidatsatira

Wright atamwalira, zinthu zidaipiraipira kwa anthu akuda a kummwera kwa America. Mu 1895 chigawo cha South Carolina chidalemba malamulo ena aakulu amene adachititsa kuti anthu akuda ambiri asamaponyenso voti. Sukulu, sitima za pamtunda ndi malo odyera zidapatulidwa, kwina kwa azungu, kwina kwa anthu akuda. Mu 1897 John Chilembwe atapita ku America, adapeza tsankho limeneli lili pachimake. Iye adaphunzira pa koleji ya anthu akuda mu mzinda wa Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, ndipo adabwerera kuno kumudzi mu 1900.

Padapita zaka 108 chichokere Wright pa mpando, munthu wakuda asanakhalenso woweruza pa bwalo lalikulu la South Carolina. Mu 1985 aphungu adasankha Ernest Finney, amene mu 1994 adakwezedwa kukhala mkulu wa oweruza a bwalolo. M'zaka zomwezo za m'ma 1990, chithunzi cha Wright chidapachikidwa m'nyumba ya bwalo lalikulu ku Columbia, pofuna kukumbukira munthu amene kwa nthaŵi yaitali adali ataiŵalika.

Jonathan Jasper Wright sadali munthu wopanda chofooka. Pa mlandu wake wovuta koposa adagwedezeka. Komabe mnyamata amene ankapita kusukulu miyezi yozizira yokha ndiye adatsegula khomo limene lidali lotsekera anthu a mtundu wake. Adaphunzira malamulo movutikira, ndipo nzeru zakezo adathandizira nazo anthu osauka ndi osaphunzira. Moyo wake ukuonetsa kuti bwalo la milandu, kaya ndi la pansi pa mtengo kwa Kabudula, kaya ndi la m'nyumba yaikulu mu mzinda, liyenera kukhala la anthu onse mofanana.

Matanthauzo a mau

apilo: pempho lakuti bwalo lalikulu liunikenso mlandu umene udagamulidwa kale

chigamulo: mau otsiriza a woweruza pa mlandu

chipale: madzi oundana oyera ngati ufa, amene amagwa m'maiko ozizira

loya: munthu wophunzira malamulo amene amaimira anthu pa milandu

mfulu: munthu amene sali kapolo

nthumwi: munthu wotumidwa kukaimira anzake ku msonkhano

nzika: mwini dziko, amene malamulo a dzikolo amamteteza

tsankho: kusala munthu chifukwa cha khungu, mtundu kapena kumene akuchokera

Mafunso

1. Kodi Jonathan Jasper Wright adabadwa liti, ndipo adabadwira kuti?

2. Nchifukwa chiyani Jonathan ankapita kusukulu m'nyengo yozizira yokha?

3. Fotokozani m'mene anthu ankaphunzirira uloya masiku amenewo.

4. Nchifukwa chiyani akuluakulu adakana kumuyesa mayeso poyamba paja?

5. Tchulani mavuto aŵiri amene anthu omasulidwa ku ukapolo ankakumana nao ku Beaufort.

6. Kodi Wright adasankhidwa liti kukhala woweruza? Nanga adali ndi zaka zingati?

7. Nchifukwa chiyani mlandu wa Tilda Norris udali wovuta kugamula?

8. Kodi Wright adagwira ntchito zanji atachoka pa bwalo lalikulu?

9. Inu mukuganiza kuti Wright adachita bwino kusintha maganizo atasaina kale? Perekani zifukwa.

Zoti muchite

(a) Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo mufotokoze m'mene ikugwirizanirana ndi nkhaniyi:

Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mapanga aŵiri avumbwitsa.

(b) Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mau aŵa: mboni, chigamulo, nzika, nthumwi, tsankho.

(c) Lembani zaka izi m'makope mwanu, ndipo pambali pa chaka chilichonse mulembe chimene chidachitika: 1840, 1865, 1866, 1870, 1877, 1885.

(d) Funsani makolo kapena agogo anu m'mene milandu imazengedwera pa bwalo la amfumu kwanu. Lembani ndime imodzi yofotokoza ntchito ya amfumu, nduna ndi mboni.

(e) M'magulu, chitani seŵero la mlandu wa mbuzi zimene zadya chimanga m'munda wa eni. Sankhani wodandaula, wodandaulidwa, mboni ziŵiri ndi woweruza. Pomaliza kambiranani ngati woweruzayo wamvetsera mbali zonse ziŵiri asanagamule.